Za masupuni a ku France aja, yankho lapezeka

Ndinafunsa ngati masupuni ndi mafoloko amene azakhali anandisiyira ali a siliva weniweni. Zikomo nonse amene munandilangiza kuti ndiwaone ndi galasi lokulitsa zinthu.

Pa masupuni pali kamutu ka Minerva (mulungu wamkazi wa Aroma akale), chidindo cha siliva weniweni chimene France inayamba kugwiritsa ntchito mu 1838. Pafupi ndi chipumi chake pali nambala 1, kutanthauza magawo 950 a siliva pa 1000 alionse. Pakanakhala 2, akanakhala 800. Palibe chilembo chosonyeza nthawi imene anapangidwa, chimene anayamba kuika mu 1973, ndiye anapangidwa chakachi chisanafike. Mtima wanga wakhala pansi!

Mafoloko aja ndi ongokutidwa siliva. Minerva palibe, koma nambala 84, yonena magalamu a siliva wokutira masupuni 12 ndi mafoloko 12. Tsopano ndikufufuza wosula masupuniwo kudzera pa chidindo chake chooneka ngati dayamondi.