Lero akukhoza 7 + 5, mawa wayiwala, ndimuthandize bwanji?

Wofunsa: Aphunzitsi anzanga ndithandizeni nzeru. Pali kamnyamata ka zaka 8 kamene ndimakaphunzitsa masamu kakaweruka, agogo ake anandiuza kuti mayi ake ankamwa mowa kwambiri ali oyembekezera ndipo adokotala anati ndi FASD, mavuto amene mwana amabadwa nawo chifukwa cha mowawo. Kuwerenga akuyesetsa ndithu koma masamu eee, Lolemba tinapanga 7 + 5 mpaka anakhoza, Lachitatu akungondiyang'ana ngati sanazionepo. Nkhope yake ili bwinobwino, nde mwina ndi ulesi chabe?

Madam wa special needs: Ayi sir, za ulesizo chotsanipo kaye. Ana ambiri a FASD pankhope simungaone kanthu, vuto lili mu ubongo. Mowa umasokoneza mbali yomwe imazindikira kukula kwa nambala, komanso kusunga zinthu m'mutu pamene ukuwerengetsera, nde mukamuuza zinthu zitatu kamodzi pofika chachitatu choyamba chija chauluka kale. Kuyiwalako sikuti akuchitira dala.

Sir wa masamu: Kaye, mukutsimikiza kuti akudziwa kuti 7 ndi zinthu zingati? Ena amangoloweza ngati nyimbo. Muikireni timiyala 9 uku 6 uku, mumufunse zambiri ndi ziti. Akakayika, kuphatikiza musiye kaye.

Madam wa special needs: Zoona zimenezo. Ku Atlanta a Claire Coles ndi a Julie Kable anakonza pulogalamu yotchedwa MILE ya ana ngati amenewa, chomwe ine ndinatengako ndi number line (mzere wa manambala) yoimirira osati yogona ija. Kuphatikiza akukwera, kuchotsera akutsika, thupi lake limamva kusiyana ndi zoti kumanja kumanzere zomwe zimawasokoneza. Komanso asanagwire pensulo anene yekha zomwe akufuna kuchita, achite, kenako abwerere aone ngati zayenda. Patebulo pasakhale zambirimbiri, samu imodzi papepala, ndipo mawu musamasinthesinthe, lero "kuphatikiza" mawa "kuwonkhetsa", kwa iye ndi masamu awiri amenewo.

Wofunsa: Ndayesa zija sir. Timiyala anasankha bwino koma nditalemba 9 ndi 6 papepala analoza 6, manyazi anandigwira ine, miyezi iwiri ndikumuthamangitsa pa zosungira. Number line ndajambula pakhoma mpaka 10 basi. Agogo akufunsa homuweki, ndiwapatse?

Madam wa special needs: Apatseni koma ya mphindi zochepa, yomweyo mwapanga limodzi tsiku limenelo, ndipo muwaonetse agogowo mawu amene mumagwiritsa ntchito.