Kupeza sipuloketi yakutsogolo yoyenera Honda CG 125 yakale

Mlimi wa ku Bembeke

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndili ndi njinga yamoto ya Honda CG 125 imene anandisiyira malemu amalume anga, ndipo ndi imene ndimanyamulira mbatata ndi feteleza pakati pa kumudzi ndi pa boma la Dedza. Mano a sipuloketi yakutsogolo apindika ngati mbedza, ndipo ndikakwera chitunda ndi katundu tcheni chimalumpha. Ndagula kale masipuloketi awiri. Yoyamba inali ndi bowo laling'ono, sinalowe n'komwe pa shafti. Yachiwiri inalowa, koma ikugwedera, ndipo mabowo ake a mabawuti sakugwirizana ndi kachitsulo komangira. Ogulitsa onse awiri ananditsimikizira kuti ndi za CG 125. Makaniki wa pafupi ndi kwathu akuti angoiwotcherera pa shafti kuti nkhani ithe. Kodi ndimulole? Nanga ngati ayi, ndidziwa bwanji sipuloketi yoyenera ndisanatayenso ndalama kachitatu?

Makaniki wa ku Ndirande

Achimwene, musalole kuti awotcherere. Shafti imeneyo imachokera mkati mwa giyabokosi, ndipo kuti muisinthe pamafunika kutsitsa injini ndi kuigawa pakati. Kutentha kwa wowotcherera kumapsereza silo ya oyilo imene ili kuseri kwa sipuloketi komanso kumafewetsa chitsulo cha shafti, ndiye tsiku limene mano adzathenso mudzalipira kangapo kuposa mtengo wa sipuloketi.

Vuto lagona pogula ndi dzina la njinga. Honda inayamba kupanga CG 125 m'zaka za m'ma 1970, ndipo yapangidwa m'mayiko angapo kwa zaka zambiri, kuphatikizapo Japan ndi Brazil. Pamwamba pake pali injini zambiri za ku China zokopera CG zimene zaikidwa mu mafelemu akale kuno kwathu. Choncho choyamba pukutani injini kumanzere, m'munsi pafupi ndi chopondera magiya, muwerenge nambala yosindikizidwa pa chitsulo. Ikayamba ndi CG125E, ndi injini ya Honda. Ikayamba ndi 156FMI kapena 157FMI, ndi injini ya 125 cc ya ku China, ndipo 162FMJ ndi ya 150 cc.

Kenako yezani. Bwerekani veniya, kachipangizo koyezera kukula kwa zitsulo m'mamilimita, muyeze kukula kwa shafti pamwamba pa timizere take totukuka timene timalumana ndi timano ta m'bowo la sipuloketi, muwerengenso timizereto. Pa masipuloketi ofala m'mashopu athu pali abowo la mamilimita 17, amene ndi a injini zogona za njinga zing'onozing'ono, ndi abowo la mamilimita 20, amene amalowa pa injini zambiri za mtundu wa CG. Ndikukhulupirira kuti yoyamba imene munagula ija inali ya 17. Yezaninso mtunda wa pakati pa mabowo awiri a mabawuti pa kachitsulo komangira kaja, chifukwa kachitsuloko kamalowa pa shafti, kamazunguliridwa pang'ono mumpata wake, kenako mabawuti awiri amakamanga pa sipuloketi. Mabowo akasiyana, palibe chimene chingagwire sipuloketi kuti isatuluke.

Musaiwale tcheni. Nambala yake imalembedwa pa timbale ta m'mbali, ndipo pa CG 125 muyenera kupeza 428. Chimene chimasokoneza anthu ndi chakuti tcheni cha 420 ndi cha 428 zili ndi mtunda wofanana pakati pa mapini, mamilimita 12.7, koma 428 ndi chachikulu m'lifupi mwake ndipo timagudumu take n'tokulirapo. Sipuloketi ya 420 imalowa mu tcheni cha 428 ndipo poyang'ana imaoneka ngati yakwana, koma imasewera uku ndi uku n'kutha msanga. Tcheni cha 520 n'chosiyana kwambiri, mtunda wake ndi mamilimita 15.875, choncho icho simungalakwitse.

Mukapita kukagula, nyamulani sipuloketi yakale pamodzi ndi kachitsulo kake. Musanalipire, isanjikeni pa yatsopano, muone ngati timano ta mkati, mabowo a mabawuti ndi kukhuthala kwake zikufanana. Ngati yakale ili ndi mbali yotukuka pakati, yatsopano ikhalenso nayo, apo ayi tcheni sichidzayenda molunjika ndi sipuloketi yakumbuyo.

Wakabaza wa ku Ntcheu

Bambo, zimene anena a makaniki zokhudza kuwotcherera ndinaziona ndi maso anga. Ndinalola kuti andiwotcherere chifukwa ndinkafuna kubwerera pamsewu tsiku lomwelo, ndipo pasanathe nthawi yaitali oyilo anayamba kudontha kuseri kwa sipuloketi. Silo sikanatheka kusintha popanda kudula chowotchereracho, ndipo podula anawononga timizere ta shafti. Njinga inakhala pansi milungu ingapo pamene ana anga ankadalira ndalama ya kabaza yomweyo.

Ine ndiwonjezerepo za chiwerengero cha mano, popeza mwati mumanyamula katundu m'zitunda za ku Dedza. Nthawi zambiri mudzapeza sipuloketi ya mano 14 kapena 15, ndipo ogulitsa ena amakupatsani ya 16 akunena kuti njinga idzathamanga. Idzathamangadi pa msewu wa M1 muli nokha, koma mukasenza matumba awiri a mbatata idzakukanikani pa chitunda ndipo mudzamaliza kilatchi. Gawani mano akumbuyo ndi akutsogolo: ngati kumbuyo kuli 41, ndi 14 kutsogolo mupeza 2.93, pamene ndi 15 mupeza 2.73. Nambala ikakula, mphamvu yokoka imachuluka ndipo liwiro limachepa. Dzino limodzi kutsogolo limasintha zinthu pafupifupi ngati mano 3 kumbuyo. Werengani mano a yakale ija, ndipo ngati njinga inkakoka bwino, musasinthe chiwerengero.

Mayi wa shopu ya zipangizo, Lilongwe

Achimwene, ngati mano akutsogolo afika popindika chonchi, tcheni nachonso chatha, ndipo chidzadya sipuloketi yatsopano m'miyezi yochepa. Kokani tcheni chakumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yaikulu. Chikanyamuka mpaka kuonetsa theka la dzino, gulani zonse zitatu pamodzi: tcheni, sipuloketi yakutsogolo ndi yakumbuyo. Mukhozanso kuyeza: pa tcheni chatsopano cha 428, kuchokera pa pini yoyamba kufika pa ya 21 pamakhala mamilimita 254, ndipo chikafika pa 259 chatha ntchito. Ndikudziwa kuti ndalama ndi yovuta, koma makasitomala amene amagula chimodzichimodzi ndi amene amabwerera kawiri.

Mlimi wa ku Bembeke

Zikomo kwambiri nonse. Ndapukuta injini m'mawa uno ndipo nambala yake ikuyamba ndi 157FMI, kutanthauza kuti amalume anasintha injini nthawi ina ife osadziwa. Shafti ndi ya mamilimita 20, tcheni ndi 428, ndipo sipuloketi yakale ili ndi mano 14. Tcheni chalephera mayeso onse awiri amene mwandiuza mayi, choncho Loweruka ndikubwera ku Lilongwe ndi sipuloketi yakale ndi kachitsulo kake m'thumba. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti timizere ta pa shafti taoneka topyapyala mbali imodzi. A makaniki a ku Ndirande, kodi kugwedera kuja kungachokere pamenepo?

Makaniki wa ku Ndirande

N'zotheka, koma musaweruze ndi sipuloketi imene mabowo ake anali olakwika kale. Ikani yoyenera, muigwedeze ndi dzanja musanamange mabawuti. Kusewera pang'ono n'kwachibadwa pa mtundu uwu wa kamangidwe. Ngati ikuzungulira moonekeratu shafti itaima, ndiye kuti timizere tadyeka, ndipo muyambe kusunga ndalama ya shafti ina. Pomanga pakani girisi pang'ono pa timizereto, ndipo tcheni musachikokere kwambiri; chisiyireni mpata wa mamilimita 20 mpaka 30 pakati, muuyezenso mutakhala pa njinga ndi katundu wanu, chifukwa tcheni chothina ndi chimene chimadya shafti.