Mwana wabwerako ku Joni ali ndi pakati, mpingo ukufuna kumuika pa chilango, nditani abale?

Membala wobisa dzina:

Abale ndi alongo mwa Ambuye mwaswera bwanji, aadimini ndiloleni ndibise dzina chifukwa nkhaniyi ikukhudza mwana komanso ena a mpingo wathu ali mgulu lomwe lino. Ndine mayi wa chigwirizano kuno ku Angonia.

Akulu anga anamwalira nkundisiyira ana atatu, woyambayo ndi mtsikana. Chaka chatha ali ndi zaka 17 kunabwera mayi wina yemwe timapemphera naye, amachita geni yokatenga mabulangete ndi mapoto ku Joni, munthu woti pa chopereka sabwerera m'mbuyo, yunifolomu ya kwaya anagula ndi iyeyo. Anati mnzake ali ndi saluni ku Johannesburg akufuna atsikana odziwa kuluka tsitsi, thiransipoti alipira yekha, za pasipoti tisavutike pa boda amadziwana nawo. Mbatata chaka chimenecho sizinachite bwino feteleza anali wokwera, ndiye mwana ananyamuka abusa atamupempherera ulendo.

Anadutsa ku Tete, Cuchamano, Zimbabwe yense mpaka Beitbridge, kumeneko akuti anawatsitsa usiku nkuwapereka kwa anyamata ena omwe anawaolotsa Limpopo wapansi. Kufika uko saluni kunalibe. BI (chitupa cha unzika) ndi foni anamulanda tsiku lomwelo nkumuonetsa kope lomwe analembamo ngongole yake, thiransipoti, ya anyamata oolotsa aja, lendi, chakudya, mpaka sopo, ndipo mwezi ukatha ngongole ija mmalo motsika imangokwera. Zomwe ankamuchititsa kuti abweze sindingalembe pano, amayi anzanga mwamva kale. Ife kuno mayi uja amabwera ndi 1,500 meticais apo ndi apo kuti mwana watumiza, ali bwinobwino foni ndi yomwe yaonongeka.

Anathawa, dalaivala wina wa thiraki anamumvera chisoni nkumutsitsa pa Zobue. Wabwera ndi pakati. Chitseko chikangokhomedwa ndi loko amayamba kunjenjemera moti masiku ano tikungotchinga ndi mtondo, nsima amadya theka ina amakulunga mu jumbo nkubisa pansi pa mphasa. Mwana amene ankatsogolera nyimbo pano sayankhula tsiku lonse.

Tsono akulu ampingo abwera kudzati aikidwe pa chilango chifukwa cha mimbayo, asiye mgonero ndi kwaya ndipo adzaime kutsogolo kulapa. Mayi uja akufalitsa kuti mwana anathawa ntchito yekha nkuyamba uhule, akutilonjerera ndalama zake za thiransipoti, ndipo ndamva kuti wayamba kuyendera makolo a atsikana ena awiri a kwaya yomweyo. Nditanena za polisi akulu ena anati akhristu satengerana kwa akunja, nkhani ithere mu vesitili. Ine mtima wanga ukukana, mwana uyu sanachimwe anachimwiridwa. Koma ndine mkazi ndekha, ndiyambire pati? Ku polisi sakamumanga mwanayo poti anaoloka opanda pasipoti? Nanga mpingo ndiuuze bwanji osaoneka ngati ndikunyoza atsogoleri?

Mayankho

Mlongo wa ku Tsangano:
Mayo ine, ndalira. Pepani amayi. Mwanayo musamusiye yekha pakhomo chonde.

Bambo wina wa ku Moatize:
Amayi pepani koma tinene chilungamo, mwanayo anamugwira pamkono ndani? Anapita yekha, inu munavomera, ndalama mumalandira. Mpingo uli ndi malamulo ake, mtsikana aliyense wotenga mimba asanakwatiwe amakhala pa chilango, akamusiya uyu ena aja adzati bwanji.

Mphunzitsi, Ulongue:
Abambo a ku Moatize ayi ndithu. Mwana anavomera saluni, zinazo anavomera liti? Amayi mvetserani bwino. Zomwe mwafotokozazi ndi mlandu wogulitsa anthu ndipo dziko lathu lili ndi lamulo lake, Lei 6/2008, chilango chake ndi zaka 16 mpaka 20 kundende. Kumunamiza za ntchito, kumuolotsa, kumulanda BI, kumuika pa ngongole yosatha nkumamugwiritsa ntchito, zonsezo zili momwemo, ndipo wokopa kumudzi ali ndi mlandu chimodzimodzi ndi wolandira kunja. Kuti anavomera ulendo sizichotsa mlandu, makamaka poti anali asanakwane zaka 18. Umenewu si mlandu wokambirana pansi pa mtengo kapena mu vesitili nkulipitsana mbuzi.

Poyambira pake, ku polisi ya boma la Angonia musakangoima pa kauntala nkuyamba kufotokoza anthu ali mbwee, mukafunse Gabinete de Atendimento à Família e Menores, ndi ofesi yoona za amayi ndi ana ochitiridwa nkhanza. Mukaona kuti akukuzengerezani pitani ku Procuradoria ya boma lomwelo, ofesi ya oimira boma pa milandu, iwowo ndi omwe amatsogolera gulu loona za kugulitsa anthu limodzi ndi apolisi, a zaumoyo ndi a Acção Social, ofesi yosamalira anthu ovutika. Palinso 116, Linha Fala Criança, nambala ya foni yothandiza ana, kuimba ndi ulere, auzeni za atsikana awiri enawo ngati ali ana. Za pasipoti mukanene momwe zinalili osabisa, mwanayo akukaima ngati wolakwiridwa, amene anakonza njira yozembera boda ndi mayi uja. Musataye mauthenga a pa foni, manambala, masiku omwe amabwera ndi ndalama, lembani zonse mukadakumbukira. Ndipo mayiyo musamuuze kuti mukupita.

Bambo wina wa ku Moatize:
Ine za lamulo sindikutsutsa, ndimanena za mpingo.

Mkulu wampingo, Furancungo:
Za mpingo zomwezo ndiyankhe ine, ndakhala pa bwalo la akulu nthawi yaitali. Chilango cha mpingo cholinga chake ndi kubweza munthu amene wasankha tchimo. Tsono mwana wotsekeredwa mnyumba, wolandidwa foni, mukumubweza kuchoka kuti? Yosefe abale ake anamugulitsa kwa Aismayeli ndi ndalama zasiliva 20, pa Genesis 37, kodi olapa anayenera kukhala Yosefe? Abale anga akulu ampingo timathamangira mimba chifukwa imaoneka ndi maso, koma wobweretsa chopereka chachikulu timamuopa, ndanena ndine mkulu mnzanu.

Amayi chitani izi. Musakatsutsane ndi bwalo lonse pagulu, mudzagonja. Tengani amayi awiri achikulire a chigwirizano omwe amasunga pakamwa, mupite kwa abusa kunyumba kwawo pakati pa sabata, amayi abusa akhalepo. Muwafotokozere inuyo, mwana asapite. Muwapemphe kuti nkhani ya chilango iime, ndipo muwadziwitse mwaulemu kuti nkhani ya mayi uja ikupita ku boma, kudziwitsa osati kupempha chilolezo. Akakana pali akuluakulu a pamwamba pawo, mpingo suthera pa mbusa mmodzi.

Membala wobisa dzina 2:
Amayi ine zinandichitikira, osati ku Joni koma konkuno ku Tete mu mzinda. Ananditenga kumudzi ndili ndi zaka 14 kuti ndikalere mwana andilipirira sukulu, sukulu sindinaione, malipiro amati akusungira, bambo a mnyumbamo usiku amabwera kukhitchini komwe ndimagona. Nditabwerera kwathu chomwe chinandipweteka kwambiri ndi anthu obwera kudzandiona. Aliyense amafuna ndifotokoze kuyambira pachiyambi, akatuluka nkhani ili pa mjigo. Kenako anandiimika kutsogolo kuti ndichitire umboni momwe Mulungu wandipulumutsira, anthu anaomba mmanja, mawa lake anyamata akundiloza pa msika.

Ndiye chonde mwanayo musamufunsefunse, adzanena yekha tsiku lomwe wafuna, mwina kwa inu mwina kwa wina. Nsima akubisayo musamukalipire kapena kumuseka, kumeneko ankamumana chakudya, ingomuuzani kuti ufa ulipo ndipo poto ali apo akamva njala usiku aphike. Azisankha yekha tinthu ting'onoting'ono, chovala, kopita, woti amuperekeze, chifukwa miyezi yonseyi amangolamulidwa. Mapemphero ngabwino koma asabwere gulu kudzamuzungulira kumukuwira kuti chiwanda tuluka, alibe chiwanda ali ndi mantha. Ine anandithandiza ndi agogo ena a mpingo omwe ankangobwera ndi nyemba zawo kudzasankhira pakhonde pathu, osafunsa kanthu, kenako anandipatsa ndowa imodzi ya mbatata kuti ndikagulitse pa msewu. Mpaka lero ndimagulitsa.

Komanso za ku polisi mumufunse iye kaye, mumuuze chomwe chikachitike kumeneko, asangodzidzimuka ali pamaso pa yunifolomu.

Namwino:
Kuonjezera apo, ku sikelo wayamba? Ngati sanayambe apite sabata ino, akayezedwe magazi, HIV ndi chindoko, zikapezeka mankhwala alipo aulere ndipo mwana wam'mimbayo amatetezeka akayamba msanga. Muwauze anamwino pambali kuti mimbayi inabwera mokakamizidwa kuti amulandire mofatsa komanso amutumize kwa oona za maganizo. Akayamba kunena zoti bola kufa musazitenge ngati nkhambakamwa, mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotseni mnyumba.

Mnyamata wa chapa (minibasi), Zobue:
Ife a pamsewu timaziona izi daily, mayi mmodzi atsikana anayi onse chete, ma BI onse ali mchikwama cha mayiyo, ukafunsa mtsikana ukupita kuti amayang'ana kaye mayi uja. Anthu aiwala kale za March 2020 pa Mussacama kuno ku Tete, anatsegula kontena nkupezamo anthu 64 a ku Ethiopia atafa chifukwa chosowa mpweya, amoyo 14 okha, thiraki inachokera ku Malawi. Amenewo analipira okha kuti awazembetse koma msewu wake ndi womwewu, ukakhala mmanja mwa ozembetsa ndiwe katundu basi. Ndipo si atsikana okha, anyamata ang'onoang'ono amawatenga kukaweta ng'ombe kapena kukakumba golide chaka chonse nkubwerako ndi njinga yakutha kapena chimanjamanja.

Sisitere:
Mai, Ambuye akulimbitseni. Pa funso lanu la momwe mungauzire mpingo, njira yabwino ndi kuphunzitsa nkhaniyi osatchula mwana wanu ngakhale pang'ono. Ife akatolika pa 8 February timakumbukira Josephine Bakhita woyera, mtsikana wa ku Darfur ku Sudan yemwe anabedwa ali mwana nkugulitsidwa kangapo ngati kapolo, anadzakhala sisitere ku Italy, anamwalira 1947. Kuyambira 2015 tsiku limeneli ndi lopempherera ndi kuphunzitsa za kugulitsa anthu, ndipo masisitere tili ndi mgwirizano wa dziko lonse wotchedwa Talitha Kum womwe ntchito yake ndi yomweyi. Pa 30 July palinso tsiku la United Nations lolimbana ndi kugulitsa anthu. Simukuyenera kukhala mkatolika kuti mutengerepo mwayi, pemphani mphindi zochepa pa msonkhano wa amayi ndi wa achinyamata.

Kumeneko musakangoti samalani samalani, anthu anatopa nazo. Auzeni mafunso oti azifunsa wobwera ndi ntchitoyo. Dzina la malo a ntchito ndi adiresi, nambala ya bwana kuti muyankhule naye nokha, malipiro ndi angati ndipo thiransipoti adzaidula bwanji. Akati pasipoti siyofunika, kapena BI ndisunga ndine, kapena musauze anthu angakuchitireni nsanje, kapena galimoto inyamuka mawa ganizani msanga, pamenepo imani. Mwana wosakwana zaka 18 asapite konse. Wamkulu akaumirira kupita aloweze pamtima nambala ya kwawo, asiye fotokope ya BI kunyumba, ndipo mugwirizane mawu achinsinsi oti akawanena pa foni mudziwe kuti zavuta, chifukwa nthawi zambiri akamaimba mwini nyumba amakhala ali pambali. Ntchito za pa Facebook ndi WhatsApp za ku Oman ndi maiko ena a Aluya nazonso, alongo athu ambiri a ku Malawi anakavutika nazo kumeneko.

Ndipo mpingo ukhale ndi kathumba kothandizira obwerera, ngakhale ndowa ya chimanga pa banja. Munthu wobwerera ku njala yomwe inamuthamangitsa amapitanso kachiwiri.

Mlongo wa ku Tsangano:
Makolo a atsikana awiri aja atsineni khutu lero lomwe amayi, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Osadikira Sande.

Mphunzitsi, Ulongue:
Eya koma mosamala, angowauza kuti asalole ana kunyamuka ndi munthu aliyense mpaka afufuze, zambiri akazinene ku Gabinete. Mayiyo akamva msanga afufuta mauthenga kapena aoloka pa Calomue nkukabisala ku Dedza.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ndawerenga zonse mpaka usiku. Achemwali mwafotokoza za moyo wanu inu Mulungu akudalitseni, ndamufunsa mwana monga munanenera, wati ku polisi apita koma pokhapokha ndikhale naye mchipindamo ndipo wofunsa akhale mzimayi. Amayi awiri a chigwirizano ndawapeza, kwa abusa tipita Lachitatu. Mayi wa mtsikana mmodzi ndamuuza, anali atagulitsa kale nkhumba kuti amugulire mwana chikwama ndi nsapato za ulendo. Funso lina aphunzitsi, poti BI inatsala kumeneko ku sikelo akamulandira? Nanga ina tingaipeze bwanji, chifukwa ngakhale layini ya foni sangalembetse.

Mphunzitsi, Ulongue:
Ku sikelo pitani osadikira BI. Zoti wofunsa akhale mzimayi ndipo inu mukhalepo mukapemphe pofika pomwe musanayambe kufotokoza. Mukamalembetsa nkhaniyo munenenso kuti BI analandidwa kuti akupatseni kapepala kosonyeza zimenezo, kenako mupite nako ku Identificação Civil, ofesi yopereka ma BI, pamodzi ndi sedula yake yobadwira mukapemphe ina. Ngati ndalama yolipirira palibe kafunseni ku Acção Social mutatenga kalata ya amfumu kapena asekeretariyo a kwanuko.