Kodi sola yoyesedwa ndi mabungwe ndi yoyenera kuwonjezerapo ndalama?

Mayi Nachisale: Abale ndi alongo, ndikufuna kugula zipangizo za magetsi a dzuwa zokwanira mababu anayi, kutchaja mafoni ndi kuyatsa kanema wamng'ono. Wogulitsa wina akuti zida zake zinayesedwa pansi pa VeraSol, ndondomeko yotsimikizira ubwino wa zida za sola, ndipo kampani yake ili m'bungwe la makampani a sola lotchedwa GOGLA, koma mtengo wake ndi wokwera, ngakhale amalola kulipira pang'onopang'ono. Winayo akugulitsa panelo, batire ndi mawaya padera, zopanda umboni wa bungwe lililonse, motchipa kwambiri. Kodi maina a mabungwewa amathandizadi wogula, kapena angokhala chifukwa chokwezera mtengo?

Bambo Mbewe: Mayi, ine ndikuti gulani zoyesedwazo. Ntchito imeneyi yoyesa zida za sola inayamba ndi ndondomeko ya Lighting Africa, yomwe World Bank ndi IFC (nthambi yake yothandiza makampani omwe si aboma) anakhazikitsa mu 2007 msika utadzaza ndi nyali zongowala masabata ochepa n'kuzimiratu. Kenako inakula n'kukhala Lighting Global, ndipo kuyambira 2020 mbali yoyesa zipangizo ili pansi pa VeraSol, yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la CLASP, loona za miyezo ya zipangizo zamagetsi. Chachikulu chimene amayang'ana ndi chakuti zolembedwa pakatoni zikhale zoona: ngati alemba kuti mababu awala maola asanu ndi atatu, m'labotale awaledi maola amenewo. Amafunanso waranti ya chaka chimodzi pa nyali zazing'ono ndi zaka ziwiri pa zida zapanyumba zokulirapo. Mndandanda wa zida zomwe zinapambana uli pa intaneti, choncho musangomvera pakamwa pa wogulitsa, fufuzani dzina la chipangizocho nokha.

Bambo Gondwe: Achimwene a Mbewe, zomwe mwanenazo ndi zoona, koma mwasakaniza zinthu ziwiri zomwe ogulitsa amakonda kuti tizisakanize. VeraSol imayang'ana chipangizo, pomwe GOGLA ndi mgwirizano wa makampani ogulitsa sola, womwe unakhazikitsidwa mu 2012 ndipo likulu lake lili ku Netherlands. Malamulo ake oteteza ogula, omwe anatuluka mu 2018, ndi abwino papepala, koma kampani imalowamo mwakufuna kwake ndipo gawo lalikulu la kuwunika imadziwunika yokha. Sindikunyoza bungwelo, koma wogula adziwe kuti ndi liwu la ogulitsa, si bwalo la milandu. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ngongole. Mukaphonya kulipira, makinawo amadzitseka mpaka mutatumiza ndalama n'kulandira nambala yotsegulira, ndipo mukawonkhetsa zonse zomwe mudzalipire pofika kumapeto, mupeza kuti zaposa mtengo wogulira pakamodzi.

Mayi Nangozo: Bambo Gondwe, pa ngongole ndikugwirizana nanu, koma njira yotchipayo ilinso ndi ngongole yake yobisika, ndipo ili mu batire. Zida zogulitsa padera nthawi zambiri zimabwera ndi batire la asidi ndi mtovu, lomwe silifuna kutsitsidwa kupitirira theka la mphamvu yake. Tiyeni tiwerenge. Batire lolembedwa 12V ndi 7Ah limasunga 84Wh (12 kuchulukitsa ndi 7; Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola), koma zomwe mungagwiritse ntchito osaliwononga ndi pafupifupi 42Wh. Kanema wodya mawati 20 (20W) akayaka maola anayi amafuna 80Wh payekha, mababu tisanawawerengere. Zotsatira zake n'zakuti banja limalitsitsa batirelo mpaka pansi usiku uliwonse, ndipo miyezi isanapite patali limayamba kudzaza msanga n'kutha msanga, mbali zake zitatupa. Zida zambiri zoyesedwa zimagwiritsa ntchito batire la lithiamu la mtundu wa LiFePO4, lomwe limapirira kutchajidwa kambirimbiri ndipo lili ndi kachipangizo kolidula lisanatheretu. Wogula zotchipa amagula batire kawiri kapena katatu, ndipo lakalelo likatayidwa mosasamala kapena kuswedwa ndi osungunula mtovu, chiphe chake chimalowa m'nthaka ndi m'magazi a ana. Magetsi amenewo sitingawatchule aukhondo.

Bambo Gondwe: Apo mwakhudza pofunika, achemwali, koma vuto mwalitchulalo ndi la kusawerengera bwino, osati la kusowa chizindikiro. Munthu wodziwa akhoza kugula panelo yabwino, kontrola yabwino (kachipangizo kowongolera kutchaja kwa batire) ndi batire lokwanira, n'kumanga zida zamphamvu kuposa zoyesedwa zam'katonizo. Mitengo ya mapanelo padziko lonse inatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020, choncho panelo yotchipa siyikhala yabodza nthawi zonse. Komanso zida zomanga nokha mumatha kuzikonza. Zam'katoni zambiri zimabwera zomatidwa, mapulagi ake ndi akeake, ndipo kampani ikatseka kapena kuchoka m'dziko, waranti ija imatsala pepala chabe.

Bambo Mbewe: Mwanena kuti munthu wodziwa, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Ndi angati angazindikire panelo yonama? Dzuwa likawala bwino limapereka pafupifupi 1,000W pa sikweya mita imodzi, ndipo panelo wamba imasandutsa magetsi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ndiye kuti panelo yeniyeni ya 100W iyenera kukhala pafupifupi theka la sikweya mita. Ine ndinaonapo yolembedwa 150W kumbuyo koma yosaposa kukula kwa thireyi, chikwangwani chake chomata chikuwala bwinobwino, ndipo wogula analibe chida choyezera. Ntchito ya mabungwe oyesawa ndi kuyimirira munthu wotere, amene alibe mita yoyezera ndipo sangabweze katundu akangochoka naye.

Mayi Nangozo: Ndiwonjezere kuti ngakhale umboni wa VeraSol uli ndi malire. Amayesa zitsanzo zochepa za mtundu umodzi, ndipo chiphasocho chimatha nthawi yake ikakwana. Kampani imodzi ikhoza kukhala ndi chipangizo chimodzi choyesedwa ndi zina zisanu zosayesedwa, wogulitsa n'kumatchula dzina la bungwelo pa zonse. Nambala ya chipangizo yomwe ili pakatoni ifanane ndendende ndi yomwe ili pamndandanda.

Mayi Nachisale: Zikomo kwambiri nonse. Ine si katswiri wa magetsi ndipo ndilibe wondimangira amene ndingamudalire, choncho mtima wanga wapendekera ku zoyesedwazo. Koma mawu a Bambo Gondwe sindiwataya. Ndisanasaine, ndipempha kuti andilembere ndalama zonse zomwe ndidzalipire pofika kumapeto, andiuze chomwe chimachitika ndikaphonya mwezi wathunthu, komanso ngati makinawo amatsegukiratu ndikamaliza ngongole.

Bambo Gondwe: Mufunsenso izi, mayi: batire likadzatha waranti itapita, kodi amagulitsa lina lolowa m'malo, ndipo lakalelo amalitenga? Akalephera kuyankha zimenezi momveka, ine ndikadakhala inu ndikadayang'ana kampani ina yogulitsa zida zoyesedwa, ngakhale itakhala yosatchuka.