K40,000 ya Make Tadala inalowa pati?

Lachiwiri madzulo

Mlembi: Mwaswera bwanji amayi nonse. Kwatsala masabata anayi kuti tiswe banki mkhonde yathu n'kugawana ndalama, ndiye ndayamba kuwonkhetsa mabuku. Onse a ngongole ndakutumizirani kumbali. Koma ya Make Tadala ndaibweretsa pano chifukwa eni ake akuikana. Anatenga K200,000 mu Ogasiti. Seputembala anapereka chiwongoladzanja K40,000. Okutobala sanapereke, inafika K240,000. Mwezi uno yafika K288,000. Ikagona mpaka tsiku logawana idzakhala K345,600.

Make Tadala: A Mlembi, ine sindikukana ngongole. Ndikukana K288,000. Okutobala ndinapereka. Ndinatumiza K40,000 pa Airtel Money kwa a Msungichuma ndili kuchipatala ndi mayi anga. Meseji ilipo, ndaijambula, onani nonse.

Nachisale: Eee. Ndiye ndalamayo inapita kuti?

Msungichuma: Musayambe kundiyang'ana ngati wakuba. Ndalama ndinalandira, ndinakatapa kwa ejenti, ndinabwera nayo pamkeka Loweruka lomwelo. Inalowa m'bokosi anthu akuona. Make Tadala anangoti "mundilembere, sindibwera mwezi wonse." Mwezi uli ndi Loweruka zinayi, iwo amagula masheya asanu a K2,000 sabata iliyonse. K10,000 kanayi ndi K40,000. Ine ndinati ndi za masheya. Tsegulani buku lawo, zidindo 20 zilimo, chidindo chimodzi pa sheya iliyonse.

Make Tadala: Komanso chiwongoladzanja changa ndi K40,000 ndendende! Munthu ali ndi ngongole, watumiza ndalama yofanana ndi chiwongoladzanja, inu mukaganiza masheya? Bwanji simunandiimbire?

Msungichuma: Ndinaimba kawiri, foni inali yozima. Ndipo yunitsi ndi yanga, gulu silindipatsa.

Make Tadala: Kuwodi kulibe potchajira, mumadziwa.

Wapampando: Ana anga, tsitsani mawu. Palibe waba apa. Koma Nabanda, cholakwa chanu ndi chakuti munalandira ndalama ya gulu pafoni yanu. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu, cholinga chake ndalama isadutse m'manja mwa munthu mmodzi kumbali. Tinagwirizana chomwecho poyamba pomwe.

Msungichuma: Agogo, ndiye ndikanaibweza? Nanga za Naphiri zochokera ku Joni zimabwera pa chiyani, pa njiwa?

Naphiri: Kkkk mundisiye ine. Zanga zimafikira kwa mng'ono wanga, iye ndiye amabwera nazo pamkeka ndi kunena pakamwa kuti izi ndi masheya, izi ndi za thumba ladzidzidzi.

Make Yamikani: Ine ndilankhule poyera, wokwiya akwiye. Chimene chikundiwawa si K40,000 ayi. Make Tadala atatuluka kuchipatala abwera Loweruka ziwiri, ndipo ulendo uliwonse agula masheya asanu. Pa ngongole sanaikepo ngakhale K500. Munthu wopanda ndalama yobweza amaipeza kuti yogulira masheya?

Make Tadala: Achemwali, inu mukudziwa za kwanga. Ndalama ikagona m'nyumba mwanga siifika m'mawa. Bambo a Tadala amaidziwa ndi fungo, ngakhale ndiibise m'thumba la ufa. Masheya ndi malo okhawo amene saafikira. Ndipo ine ndimadziwa kuti Okutobala ndinalipira, ndimati ndidzamalize zonse pogawana.

Make Yamikani: Nanga pa ngongole akanaifikira bwanji? Nayonso ikanalowa m'bokosi lomwelo.

Make Tadala: Komanso tisaiwale mmene ngongoleyi inabwerera. Ine ndinapempha K100,000. Munati m'bokosi mwatsala ndalama zambiri, siziyenera kugona, aliyense atenge kuti ziswane. Nachisale ndi amene anati "tenga ziwiri ukagule belo lathunthu." Ndinakagula belo la kaunjika mu Lilongwe. Kulitsegula kunyumba, pamwamba madiresi abwino asanu ndi awiri, pansi majuzi okhaokha aubweya, mwezi wa Ogasiti kukuyamba kutentha. Ndakhala nawo pa Mitundu masiku a msika, anthu amangowatembenuza n'kupita. Mpaka lero theka lili pansi pa bedi.

Nachisale: Ndinakulangiza, sindinakugwire dzanja. Koma zoti timakakamizana kutenga ndi zoona, ndivomere. Inenso mu Juni ndinatenga K80,000 ndilibe nayo geni, inathera ndiwo ndi sopo, ndabweza K112,000.

Lachitatu m'mawa

Mlembi: Usiku ndinakhala pansi ndi kakuleta, anyamata anga atagona. Ndikuuzeni zimene ndapeza, mwina mkanganowu uchepa. Masheya a Make Tadala ndi K310,000 kuphatikiza ija ya Okutobala. Chaka chatha sheya ya K2,000 inatuluka K2,800. Tiyerekeze kuti chaka chino zikhala chimodzimodzi. Tikaisiya K40,000 ku masheya, adzalandira K434,000, tichotse ngongole K345,600, apita kwawo ndi K88,400. Tikaisamutsira ku chiwongoladzanja, masheya atsika kufika K270,000, adzalandira K378,000, ngongole idzakhala K288,000, apita ndi K90,000. Kusiyana kwake K1,600.

Naphiri: Ndiye dzulo lonse lija mumakanganirana ndalama yosakwana paketi ya shuga?

Make Tadala: Kwa ine si K1,600. M'buku mwalembedwa kuti ndadumpha miyezi iwiri. Malamulo amati wodumpha miyezi iwiri chaka chamawa satenga ngongole yopitirira masheya ake, ndiponso pali chindapusa. Dzina langa ndi limene ndikulirira. Mawa ndikafuna fizi ya Tadala ya Fomu 3 mudzanditsegulira tsamba lomwelo.

Nachisale: Bwanji tingodula lero lomwe? Tichotse K240,000 pa masheya ake, ngongole ife, asadikire Disembala kuti ikwerenso. Apume munthu.

Mlembi: Ndinaganizanso zimenezo, koma zimupweteka. Atsala ndi masheya a K30,000 okha, pogawana adzatenga K42,000. Wapulumutsa K48,000 ya chiwongoladzanja koma wataya phindu la masheya 120 amene wakhala akuponya kuyambira Januwale. Komanso malamulo salola kutapa masheya chaka chisanathe.

Make Yamikani: Apa ndiye mwafika pamene ndimafuna. Taonani bwino masamu a a Mlembiwo. K10,000 ukaiponya ku masheya lero, pakutha masabata anayi ikubwerera K14,000. Ukaiponya ku ngongole ukupulumutsa K2,000 yokha. Ndiye wochenjera aliyense azisiya ngongole n'kumagula masheya kumapeto kwa chaka! Sheya ya Novembala ikudya chimodzimodzi ndi yanga ya Januwale imene yazungulira m'manja mwa anthu miyezi khumi. Nanga K800 ya phinduyo imachokera kuti? Si kwa ife amene timabweza pa nthawi yake, ena mpaka kugulitsa nkhuku?

Make Tadala: Ine sindinawerenge zonsezo, Mulungu akuona.

Make Yamikani: Sindikuti unawerenga. Ndikuti bowo lilipo, ndipo anthu asanu akalidziwa tsiku logawana tidzatsegula bokosi n'kupezamo mapepala a ngongole m'malo mwa ndalama. K2,800 ija ndi ya pakamwa mpaka aliyense atabweza. Ine ndikudikira ndalama imeneyi kuti ndigule feteleza wobereketsa. Thumba linadutsa kale K100,000. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chimene umasunga Januwale pofika Disembala chimagula zochepa. Ndiye wina achedwetsenso?

Wapampando: Make Yamikani wanena zoona ngakhale wanena mokalipa. Koma ine ndili ndi funso lina kwa mwana wanga Make Tadala, ndipo undiyankhe mosabisa. Mashini ako osokera ali kuti? Ndinadutsa pakhomo pako Lolemba, pakhonde mpopanda kanthu.

Make Tadala: Agogo, zimenezo sizapagulu.

Wapampando: Zili pagulu, chifukwa mashini amenewo ndi amene unalembetsa ngati chikole kwa ife.

Make Tadala: Chabwino. Mayi atagonekedwa ndinalibe ya thiransipoti, ya chakudya, ndi mankhwala ena amene anatiuza kuti tikagule kufamase. Ndinatenga K60,000 ya katapila kwa bambo wina wa pamsika. Amafuna K30,000 pamwamba mwezi uliwonse. Ndampatsa kamodzi. Mashini anatenga kuti asunge mpaka ndimalize. K40,000 imene ndinatumiza ija inachokera momwemo, ndimaopa kuti mungandinene kuti ndathawa.

Naphiri: Mayo ine. Unakatenga ngongole ya 50 peresenti kuti ulipire ya 20 peresenti?

Nachisale: Ndipo thumba ladzidzidzi lili phee m'bokosi! Timaponya K500 sabata iliyonse ya chiyani? Matenda ndi amene tinalipangira, lopanda chiwongoladzanja.

Make Tadala: Ndinachita manyazi. Ndinali kale ndi ngongole yaikulu.

Msungichuma: Mulamu, mukanandiuza ine pafoni paja. Ine ndimangoti zinthu zili bwino poti mukutumiza za masheya.

Make Yamikani: Ndiye chikole chathu chili m'nyumba mwa munthu wina. Amayi, izi ndiye zazikulu kuposa zija timakanganirana. Akakana nacho titani, tipita kwa amfumu?

Mlembi: Sitifika kwa amfumu. Masheya ake akukwana kubweza ngongole yathu yonse, gulu silitaya kanthu. Amene akumira ndi iyeyo. Mashini aja amamupatsa ndalama ya mayunifomu Januwale sukulu zikamatsegulira, ndipo mwezi uliwonse akakhala kumeneko ndi K30,000 yopita m'madzi. Make Tadala, K10,000 ya sabata ija leka kugula masheya, ngakhale kwa ife usaponye kaye. Yambira kwa wa katapilayo, ndi amene akuluma kwambiri. Majuzi aja gulitsa ngakhale pa mtengo wogulira, usadikire Juni.

Lachitatu usiku

Wapampando: Ndamva mbali zonse, ndaimbiranso osunga makiyi. Loweruka tidzavota pa izi, koma maganizo anga ndi awa. K40,000 isamuke ku masheya ipite ku chiwongoladzanja cha Okutobala, zidindo 20 zifafanizidwe pamaso pa onse, Make Tadala alembedwe kuti wadumpha mwezi umodzi. Thumba ladzidzidzi limubwereke K60,000 akawombole mashini, ndipo apite ndi anthu awiri, ndalama isadutsire kunyumba. Idzadulidwa pogawana. Za chikole chopita kwina popanda kutiuza, chindapusa chilipo, sindingachichotse. Nabanda nayenso alipira chake cha kulandira ndalama pafoni.

Msungichuma: Ine chindapusa cha chiyani pomwe ndimathandiza munthu? Chabwino, ndilipira, koma kuyambira lero wonditumizira pafoni ndimubwezera pompo, ndipo yotapira adzalipira yekha.

Make Yamikani: Nanga bowo lija? Ndikufuna lilembedwe kuti wa ngongole yodumpha mwezi sagula sheya mpaka atalipira. Komanso zokakamizana kutenga zithe. Ndalama ikatsala itsale.

Nachisale: Ikatsala phindu lichepa, ndiye udzakhala woyamba kudandaula iweyo.

Make Yamikani: Ndidzadandaula ndili ndi ndalama m'manja.

Wapampando: Zimenezo ndi za malamulo a chaka chamawa, tidzakambirana tikagawana. Pakati pa chaka sitisintha.

Make Tadala: Ndathokoza agogo, ndathokoza nonse. Koma a Mlembi mundiwerengerenso. Pa K90,000 ija mukachotsa K60,000 ndi chindapusa, nditsala ndi zingati? Ndipo bambo uja adzafuna K30,000 yake ya mwezi uno asanatulutse mashini.

Mlembi: Utsala ndi yosakwana K30,000. Ya mwezi unoyo tikanenerera, mwina adula poti tikumupatsa yonse kamodzi. Ndipita nawe ine ndi Nachisale.

Naphiri: Majuziwo alipo a saizi yanga? Kuno Juni kumazizira zoopsa. Jambula atatu unditumizire, mng'ono wanga abwera ndi ndalama Loweruka.

Msungichuma: Abwere nayo m'manja.