Injini ya boti izima ikatentha pa Luangwa: ndi mafuta kapena ndi moto?

Woolotsa_Mfuwe:

Moni kwa nonse, akuluakulu. Ndili ndi boti limene ndimaolotsera anthu ndi katundu pa Luangwa, kufupi ndi Mfuwe, m'dzinja mtsinje ukadzaza. Injini yake ndi ya 15 HP, ya masilinda awiri, yamtundu uja wosakaniza petulo ndi oyilo m'thanki momwemo, ndipo imalizidwa ndi chingwe chifukwa ilibe batire. Kwa masabata awiri tsopano ikundizunguza mutu. M'mawa imalira ndikangokoka chingwe kawiri kapena katatu, n'kuthamanga bwinobwino kwa mphindi 15 kapena 20. Kenaka, makamaka ndikamakwera kulimbana ndi madzi boti litalemedwa, imayamba kutsamwa, mphamvu n'kutha, n'kuzima. Ndikakoka nthawi yomweyo imakana, koma ndikaisiya pang'ono imaliranso ngati sinalakwe kanthu. Dzana inandizimira pakati pa mtsinje, pafupi ndi dziwe la mvuu, ndili ndi amayi anayi ndi matumba a ufa, ndipo tinakafika kutsidya ndi nkhafi, aliyense ali duu.

Ndasintha mapulagi onse awiri, ndatsukanso kabureta, koma palibe chasintha. Mnyamata wina wokonza njinga zamoto akuti CDI, kabokosi kamagetsi kotumiza moto ku mapulagi, yatha, ndikagule ina ku Chipata. Ndisanataye ndalama ndi tsiku lathunthu panjira, ndikupempha odziwa andiuze mmene ndingasiyanitsire vuto la mafuta ndi vuto la magetsi pa injini yotere.

Makanika_Kapata:

Achimwene, pepani ndi zimene zinakuonekeranizo, koma musagule kanthu kaye. Injini yomanidwa mafuta ndi injini yotaya moto wa pa pulagi ikatentha zimadwala mofanana, ndipo zonse zimachira zikapuma, n'chifukwa chake kuiyesa m'mawa itazizira sikungakuuzeni chilichonse. Muyenera kuigwira pa nthawi imene ikutsamwayo. Yendani m'mbali mwa gombe opanda makasitomala, muli ndi mnzanu mmodzi, mpaka iyambe khalidwe lakelo, ndipo maso anu akhale pa kampira kopopera mafuta kamene kali pakati pa paipi.

Mukakapeza kataphwa ngati wina wakayamwa, ndiye kuti injini ikukoka koma mafuta sakutuluka m'thanki. Kawirikawiri wolakwa amakhala kabawuti ka mpweya ka pa chivindikiro cha thanki, kamene ambiri amakamanga poopa mvula n'kuiwala kukamasula. Mpweya ukalephera kulowa m'malo amene mafuta achoka, pampu imagonja pakapita mphindi zingapo, ndendende mmene mwafotokozeramu. Masulani chivindikirocho, mukamva mpweya ukulowa kuti fuu, injini n'kutsitsimuka, mlandu watha. Zikapanda kutero, onani kasefa kamene kali kunsi kwa paipi yoyamwa m'thankimo.

Kampirako kakakhala kosaphwa koma kofewa, kafinyeni kangapo injini ili mkati motsamwa. Ikadzuka, ndiye kuti mwina mpweya ukulowera penapake m'paipi kapena polumikizira, mwina pampu yatopa. Pampu ya injini zimenezi siyendera magetsi. Ndi kachikopa ka labala kogwedezeka ndi kupuma kwa injini yomweyo, ndipo kakang'ambika kamalephera kukankha mafuta okwanira pa liwiro lalikulu, nthawi zina n'kumadonthezera petulo mbali ya silinda imodzi, moti pulagi yakeyo imatuluka yakuda ndi yonyowa inzake ili youma.

Mukafinya koma osaona kusintha, thamangirani ku moto injini isanazizire. Chotsani pulagi, ibwezereni m'chipewa chake, igunditseni pa chitsulo cha injini kutali ndi petulo wotayika, mnzanu akoke chingwe, ndipo muyese mbali zonse ziwiri. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati thambo, wothetheka; wofiirira ndi wofooka. Ukasowa mbali imodzi, ganizirani chipewacho, waya wake kapena koyilo, waya wokulungidwa wopereka magetsi ku pulagiyo. Ukasowa konsekonse, yambani ndi switchi yozimitsira, chifukwa ntchito yake ndi kugunditsa moto ku chitsulo, ndipo waya wake akasupuka amazimitsa injini yekha popanda womutuma. Simunatchule mtundu wa injini yanu, koma pa Yamaha waya ameneyu ndi woyera. Mumasuleni muyesenso, mukukumbukira kuti atamasulidwa batani silizimitsanso injini. Ndi poyesera pokha, osati poyendera. Moto ukapitiriza kusowa, yezani ndi mita yoyezera magetsi koyilo ya pansi pa flywheel, gudumu lolemera limene chingwe chimazungulitsa, itazizira ndiponso itatentha, n'kuyerekeza ndi manambala a m'buku la injiniyo, popeza kawaya kake kosalala ngati tsitsi kamatha kuduka mkati n'kumagundana kokha pozizira. CDI timaiweruza pamapeto, mboni zina zonse zitayankhula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayi_wa_Nyimba:

Bambo, a Makanika alongosola bwino, koma ine funso langa ndi limodzi: petulo mumagula kuti? Ife tili ndi boti chakuno kufupi ndi Luangwa Bridge, ndipo chaka chatha tinavutika mwezi wathunthu chifukwa cha petulo wa m'zigubu amene tinkagula m'mbali mwa msewu. Madzi amalemera kuposa petulo, choncho amakhala pansi pa thanki mwakachetechete, ndipo boti likapendekeka ndi katundu amasefukira kumene kuli paipi yoyamwa. Masulani kabawuti ka pansi pa kabureta, mukhetsere zotulukazo m'botolo loyera lagalasi, mupoperemonso wina wochokera m'thanki, mulisiye likhazikike. Madzi akakhalamo mudzawaona pansi atadzipatula, malire ake ooneka ngati ojambula ndi rula. Kunena za kasakanizidwe, injini zambiri zoterezi zimafuna 50:1, kutanthauza 500 ml ya oyilo pa malita 25 a petulo, ndipo oyiloyo akhale wa maboti wolembedwa TC-W3, osati wa galimoto.

Msodzi_Wakale:

Mwana wanga, onaninso madzi aja amene injini imalavula kumbuyo. Luangwa wa dzinja ndi matope ndi mchenga, ndipo mchenga umadya msanga impela, kachipangizo ka labala kopopa madzi oziziritsa injini. Madziwo akamangodontha kapena akamatuluka otentha mopweteka chala, injiniyo ikupsa, ndipo imeneyonso imafooka n'kuzima, n'kudzalira ikazizira.

Makanika_Kapata:

Agogo anena zoona, ndipo ndinalakwa kusayambira pamenepo, chifukwa kuyang'ana madziwo sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Za amayi a ku Nyimba ndikuvomereza kuti botolo liyesedwe, ngakhale ndikukayika kuti madzi okha angachititse zonsezi, popeza madzi akalowa m'kabureta sachoka chifukwa choti injini yapuma. Chimene ndikufuna kutsindika n'chakuti pa injini yosakaniza, oyilo amayenda ndi petulo, choncho injini yomanidwa mafuta yamanidwanso oyilo. Mukaona nsonga ya pulagi yayera ngati phulusa m'malo mofiirira ngati tiyi wamkaka, lekani kuikakamiza, mungaphe pisitoni.

Woolotsa_Mfuwe:

Zikomo kwambiri nonse, ndabwera ndi zimene ndapeza. Madzi akumbuyo akutuluka mwamphamvu, choncho agogo mtima ukhale pansi. Kabawuti ka mpweya kanali komasula. Itayamba kutsamwa ndinafinya kampira ndipo inadzuka, ndiye nditatsatira paipi ndi zala ndinapeza mng'alu waung'ono pafupi ndi polumikizira ku injini, wooneka pokhapokha paipiyo ikapindika. Ndinaigula yotsika mtengo ndekha, ndipo dzuwa la kuchigwa kuno laiumitsa ngati chikumba. Ndinadula mbali yowonongekayo n'kumanganso. M'botolo munalinso madzi okwana ngati kunenepa kwa chala, choncho amayi simunaname, ndipo thanki ndaikhuthula n'kuiyanika.

Ndinayesa kuti zatha, koma tsiku lachitatu inazimanso, ulendo uno mwadzidzidzi, popanda kutsamwa konse, ngati munthu wadina batani. Moto unasowa mbali zonse ziwiri. Nditamasula waya wa switchi unabwerera pomwepo, ndipo nditasuzumira ndinapeza wayayo atasupuka pamene mkono wowongolera umapindikira, mkuwa uli pamtunda ukukhudza chitsulo injini ikamanjenjemera. Ndamukulunga ndi tepi, ndipo kuyambira pamenepo ndayenda maulendo asanu ndi limodzi osazima, CDI ili yomwe ija.

Makanika_Kapata:

Achimwene, kusiyana kumene mwaonako mukusunge: kutsamwa pang'onopang'ono kunali kwa mafuta, kuzima kwa mwadzidzidzi kunali kwa moto, ndipo matenda awiriwa ankabisalirana. Koma tepi pamalo opindikapindika ndi onyowa siikhalitsa. Dulani chigawo chosupukacho, mulumikize waya watsopano pomuwotcherera ndi soda (solder), mumuveke kapaipi ka labala, n'kumudutsitsa pamene sakhuzana ndi chitsulo. Paipi yamafutayo isintheni yonse pamodzi ndi kampira kake, chifukwa yang'ambika pamodzi ing'ambikanso pena, ndipo mukamamanga yatsopano muvi wa pa kampirako uloze ku injini. Pampu simunaitsegule, mukadzabwera ku Chipata mudzagule kachikopa kake kosungira, n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi CDI.