Za phosphate uja amene watsika n'kukweranso

Funso lija linachokera ku Area 47: thanki ya makorali (zamoyo za m'nyanja ya mchere zooneka ngati miyala kapena zomera) ya malita 300, ndere zamera pamiyala, phosphate (chinthu cha m'madzi chimene chimadyetsa ndere) ali pa 0.4 ppm (magawo pa miliyoni). Tinalangiza GFO, timibulu tofiirira timene timayamwa phosphate m'madzi. Tsopano mwini wake akuti phosphate anatsika kufika pa 0.1, koma patangodutsa sabata wakweranso.

Musataye mtima achimwene, GFO sinakanike. Miyala ndi mchenga zimasunga phosphate, ndiye mukachotsa wa m'madzi, izo zimatulutsa wina. Zimenezi zimatenga miyezi. Kukwerako kungasonyezenso kuti GFO yakhuta, ikani yatsopano.

Yitsukeni ndi madzi a RO/DI (osefedwa ndi makina n'kuyereratu) mpaka fumbi lofiirira litatha. Mu reactor (chubu choikamo GFO) madzi aziyenda pang'onopang'ono, timibulu tapamwamba tizingogwedezeka. Akathamanga, timaperepeseka n'kumwaza fumbi m'thanki. Ndipo chonde musachulutse mlingo pofuna kuthana nazo msanga, chifukwa phosphate akatsika mwadzidzidzi makorali a SPS (olimba, a timilomo ting'onoting'ono) amayera n'kuyamba kufa. Fikani pakati pa 0.03 ndi 0.1, osati ziro.

Pimaninso TDS (kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi) ya madzi osungunulira mchere. Ikapitirira 0, sinthani resin (timibulu tosefera madzi ta m'makina a RO/DI). Madzi a pampopi kapena pamjigo asalowemo osasefa. Chakudya cha mufiriji chisungunuleni kaye, mutaye madzi ake musanadyetse nsomba.